Kodi Insulini Ndiyo Imanenepetsa? Mfundo ya Taubes pa Sikelo

M'buku lake la 2007, Good Calories, Bad Calories, mtolankhani wa ku America Gary Taubes akuti chonenepetsa anthu si kudya kwambiri ayi, koma shuga ndi zakudya zokhutitsa monga buledi ndi mpunga. Akuti zimenezi zimakweza insulini, ndipo insuliniyo imatsekera mafuta m'thupi. Mfundoyi ndi yokoma kuimva, moti ena ayamba kuimba mlandu nsima.

Ubwino wake ndi wakuti ingayesedwe, ndipo inayesedwadi. Kafukufuku wa DIETFITS wa ku Stanford, wotuluka mu 2018, anatsatira anthu 609 kwa chaka chathunthu. Ochepetsa zokhutitsa anatsika ndi makilogalamu 6.0, ochepetsa mafuta 5.3, kusiyana kochepa kotheka kungochitika mwamwayi. Insulini ya munthu sinalosere kadyedwe komwe kangamuyanje.

M'kafukufuku wotuluka mu 2021, Kevin Hall anagoneka anthu 20 kuchipatala cha NIH n'kumayeza zonse zomwe ankadya. Pa kadyedwe ka zomera kokhala ndi zokhutitsa zambiri, insulini inakweradi, koma anthuwo ankadya zochepa, osati zambiri monga mfundoyo imalosera. Inde, milungu iwiri pa kadyedwe kalikonse ndi yochepa, komabe Taubes sanabweretse umboni woposa pamenepa.