Kutsimphina kwa Chadzunda

Nkhope ya chilombo cha gule wamkulu imaweruza msanga. Simoni akangotulukira kuliunde, nkhope ili psuu, ana a ku Chinsapo amakhala atadziwa kale kuti wafika mzungu wopsa ndi dzuwa, wodzimva, wosadziwa mwambo. Mlandu wake umatha asanaponde n'komwe pabwalo. Ambirife timaweruzanso anzathu chomwecho: munthu tamuona kamodzi padepoti, tagamula kale kuti uyu ndi kamberembere.

Za kudambwe sindizikhudza. Zimene zimaoneka pabwalo, pamaso pa amayi ndi ana, n'zokwanira. Ndipo zimene zimaonekazo n'zakuti nkhope iliyonse imatola khalidwe limodzi n'kulikulitsa: dyera, uhule, ulesi, nkhanza, matama. Bambo Claude Boucher, amene adayambitsa Kungoni ku Mua mu 1976, adasonkhanitsa nkhope zoposa 400 m'nyumba ya Chamare, ndipo buku lawo la mu 2012 likufotokoza zimene zilombo zambiri zimaphunzitsa. Ukayenda m'chipindamo umaona kuti makolo athu adasanja anthu m'magulumagulu kalekale.

Azungu nawo adayesa. Mu 1936 katswiri wa za maganizo wa ku America, Gordon Allport, ndi mnzake Henry Odbert adatola m'dikishonale ya Chingerezi mawu pafupifupi 18,000 ofotokoza khalidwe la munthu. Koma Allport yemweyo sadakhutire ndi magulu. Ankati kuyeza anthu chikwi ndi muyeso umodzi sikukuuza kuti mmodzi mwa iwo ndi wotani, ndiponso kuti ndi anthu ochepa chabe amene moyo wawo wonse umalamulidwa ndi khalidwe limodzi. Mu 1965 adatulutsa buku lonse lounika makalata a mayi mmodzi yekha, amene adamutcha Jenny.

Nkhope payokha ikadagwa pa mayeso a Allport, chifukwa imachita ngati aliyense ali ndi khalidwe limodzi basi. Chimene chimaipulumutsa ndi mavinidwe, ndipo palibe chilombo chimene chimaonetsa zimenezi kuposa Chadzunda.

Taonani kalowedwe kake. Nkhope yakuda bii, makwinya, mano ochepa, imvi. Amabwera akutsimphina, msana wopindika, ngati kuti bwalolo salimaliza. Waweruzidwa kale: nkhalamba yotheratu. Kenaka ng'oma ya mbalule ikayankha phazi lake, chiuno chimamasuka, fumbi limakwera, ndipo amayi amene amamuimbira amayamba kuthawa uku akuseka. Nkhalamba ija ili ndi mphamvu zimene nkhope idabisa. Luso lenileni lili pakati pa ziwirizi. Chadzunda wosadziwa kuvina amataya kutsimphina ng'oma ikangotentha, n'kusanduka mnyamata wamba wothamanga. Pamenepo taona zilombo ziwiri zosiyana, china chokalamba, china chanthete. Wodziwa sataya mwendo wodwalawo. Amavina nawo, amaukoka, nthawi zina amaima n'kuugwira bondo, kenaka n'kulumpha. Ukalamba ndi nyonga zimakhala m'thupi limodzi nthawi imodzi, ndipo apo m'pamene chilombo chimaleka kukhala "nkhalamba" n'kukhala gogo wina wake amene aliyense pabwalopo akumuganizira koma palibe womutchula dzina.

Mungazindikire mphindi imeneyi ndi kuseka kwa anthu. Pali kuseka kwa aliyense, kumene kumabwera chilombo chikagwa kapena chikathamangitsa ana. Pali kwina kumene kumayambira pakona imodzi, pamene amayi awiri agundana zigongono, wina wabisa nkhope m'chitenje. Iwowo aona kayendedwe ka munthu amene amamudziwa. Woimba mbalule wabwino amakumva kuseka kumeneku ndipo amachedwetsa dzanja kuti chilombo chibwereze.

M'tauni zimenezi zikuvuta. Lilongwe atakhala likulu la dziko mu 1975, midzi ya Achewa monga Chinsapo idadzaza alendi ochokera m'maboma onse, pamene mafumu ndi gule wawo adakali pomwepo. Harri Englund, amene adachita kafukufuku kwa nthawi yaitali ku Chinsapo, adalembapo za kukhalirana kumeneku. Kumudzi chilombo chimavinira anthu amene akhala akuonana kuyambira ubwana. Ku Mgona kapena ku Area 23 theka la oonerera lidzakhala litasamuka chaka chamawa, ndipo woyandikana naye nyumba umangomudziwa kuti ndi "a kabaza aja". Chilombo chosadziwa anthu ake chimathawira ku liwiro ndi kuopseza. Zambiri zimene timakumana nazo m'misewu ya Kawale ndi Biwi pa nthawi ya maliro n'zotere: chikwanje m'manja, kuthamanga, kupempha ndalama. Mantha alipo, munthu mulibe.

Sindikunena kuti gule abwerere kumudzi. Nkhope zatsopano sizidamuvutepo. Ku Brooklyn Museum ku New York kuli nkhope ya Nyau ya Elvis Presley ya m'zaka za m'ma 1970. Vuto si zachilendo, koma kupenyetsetsa kumene kwachepa. Chilombo cha m'tauni chimene chimandikhutiritsa ndi chija chimene chaonetsetsa mwini nyumba pa tsiku la lendi: amagogoda mwamphamvu, chifuwa patsogolo, koma chitseko chikatseguka amayamba ndi kufunsa za mwana wodwala, maso ali pa wailesi imene angalande. Chifundo chake n'choona, dyera lakenso n'loona, ndipo mavinidwe ayenera kunyamula zonse ziwiri popanda kusankhapo.

UNESCO idalemekeza gule wamkulu mu 2005, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti zilombo za ku Malawi, Zambia ndi Mozambique zimakavina pa Kulamba ku Mkaika pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Kumeneko gulu lililonse limapatsidwa mphindi zochepa, oonerera ambiri ndi alendo, ndipo m'manja amaombera chilombo chimene chautsa fumbi lambiri. Chadzunda wa pabwalo lotere alibe nthawi yotsimphina.