Macheza a pa Phulusa ndi Macheza a pa Chitsime

Anyamata athu a m'sukulu aphunzira kuyankha mafunso, ndipo ena aphunziranso kulalikira. Koma mukawatuma kukaona wodwala kapena nkhalamba ya kumudzi, mupeza kuti atapereka moni mau awathera, nakhala chete kuyang'ana kudenga, kapena ayamba ulaliki umene sanapemphedwe. Mlandu umenewu ngwathu ife aphunzitsi, pakuti ndife tinawazoloweza kuti polankhulana pakhala wofunsa ndi wofunsidwa basi. Tsono ndifuna kuti tiyang'ane macheza awiri olembedwa m'Buku Lopatulika, limene takhala nalo m'chinenero chathu chiyambire 1922, ndipo tiwayese monga tiyesa ntchito ya mmisiri.

Oyamba ndiwo a Yobu, ali khale pa phulusa, ndi abwenzi ake atatu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari. Anthu awa anayamba bwino ndithu. Atamva za tsoka lake anachoka kwao, nakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osanena kanthu. Ndipo yense amene anagonapo pa siwa adziwa kuti umenewu ndi ulemu waukulu. Analinda kuti mwini chisoni ayambe ndiye. Koma pamene Yobu anatsegula pakamwa natemberera tsiku la kubadwa kwake, abwenziwo anasanduka oweruza. Werengani kuyambira mutu 4 kufikira mutu 25. Mafunso alimo ambiri, inde, ndi mau okoma m'khutu alimonso. Koma mafunsowo ali ngati aja a mphunzitsi amene yankho liri kale m'thumba mwake. Anadza ndi chiphunzitso chimodzi, chakuti wosautsidwa ndiye wochimwa, ndipo Yobu akakana angobwereza chomwecho ndi mau okulirapo. Pofika mutu 22 Elifazi amnamizira mnzake kuti anamana madzi munthu wotopa ndi kubweza akazi amasiye chimanjamanja, zinthu zimene iye sanazione ndi maso. Ndipo taonani mafedwe a macheza otere: kunena kotsiriza kwa Bilidadi kuli ndi ndime 6 zokha, ndipo Zofari pa ulendo wachitatu sanenanso konse. Moto unazima, pakuti panalibe wotola nkhuni ya mnzake ndi kusonkhezera.

Ndinena izi ndi manyazi, popeza inenso ndinakhalapo Elifazi. Mkulu wina wa mpingo anataya ana awiri mwezi umodzi, ndipo pamene ndinakamuona anandiuza kuti sakhozanso kupemphera. Ine, poopa mau amenewo, ndinamthira ndime za m'Buku monga munthu wozima moto wa padenga. Anandithokoza mwaulemu, nandiperekeza kufikira pa mphambano; koma chiyambire tsiku lija, ndikafika pakhomo pake tinangokamba za mvula ndi za chimanga, kufikira anamwalira.

Macheza achiwiri ali pa Yohane 4, pa chitsime cha Yakobo, pafupi ndi mudzi wa Sukari. Pano zoletsa kucheza zinali zambiri: mwamuna ndi mkazi, Myuda ndi Msamariya, dzuwa liri paliwombo, ndi mlendoyo atatopa. Koma taonani chiyambi chake. Yesu anayamba ndi kupempha madzi akumwa. Wopempha adziika pansi, namkweza mnzake akhale mwini chinthu. Ndipo wopemphedwayo ali ndi ufulu wa kuyankha monga afuna. Mkaziyo anayankha mokhadzula pang'ono, namkumbutsa za udani wa mitundu yao, ndi pambuyo pake anamuonetsa kuti alibe ndi chotungira chomwe. Iye sanapse mtima, koma anatola mau omwewo a madzi ndi chitsime, napitirira nao. Makolo athu anachidziwa chimenechi pa malonje: mlendo ayaliridwa mphasa, nafotokoza za kumene achokera ndi za m'njira, ndipo mwini nyumba avomereza pang'onopang'ono kuti aonetse kuti mauwo awalandira, asanayambe zake.

Malo amene ndiwayesa opambana onse ndi awa. Nkhani itafika pa za amuna ake, mkaziyo anayankha mau aafupi koposa. Ndipo ataona kuti zake zadziwika, anathawira ku nkhani ya phiri loyenera kupembedzerapo. Ambiri a ife tikadamgwira pomwepo, ndi kuti, "Mai, musathawe, tiyeni titsirize za amuna aja." Yesu anamleka athawe, namtsata kuphiriko, nayankha funso lake monga ayankha munthu wanzeru, ndipo za amuna sanazitchulenso. Chilonda chinakhudzidwa kamodzi kokha. Ena adzati kumeneko ndiko kulekerera tchimo; koma ine ndiyesa kuti mkaziyo akadapanikizidwa akadasenza mtsuko wake napita, ndipo a ku Sukari sakadamva kanthu. M'malo mwake mtsukowo anausiya pa chitsime, nathamangira kumudzi, ndipo anthu anampempha mlendoyo akhale nao, nakhala masiku 2. Muwerengenso ndi chala: Yesu alankhula maulendo 7, mkaziyo maulendo 6. Palibe amene analanda bwalo.

Wina adzati, Yesu anadziwa za mumtima, ife sitizidziwa. Ndi zoona, ndipo ndicho chifukwa chake kufunsa kutiyenera ife koposa. Abwenzi a Yobu za mumtima sanazidziwe, koma analankhula ngati azidziwa. Ndipo m'mutu 42 Mulungu anawapsera mtima, nawatumiza kwa Yobu yemweyo kuti awapempherere.

Chaka chino ndinayesa kutuma anyamata anga awiriawiri kwa nkhalamba za pafupi ndi sukulu, kuti akapemphe kuphunzitsidwa maina a mbeu zakale ndi madzalidwe ake, ndipo ndinawaletsa kutenga buku kapena cholembera. Ena anabwera msanga, nati agogo alibe mau. Koma awiri anafika dzuwa litalowa, atadya mbatata yootcha, ali ndi mawere m'chipewa, ndi nkhani ya njala ya 1949 imene gogoyo anati ana ake omwe sanamfunsepo.