Za Luso la Manja ndi Zithunzi za pa Kompyuta

Munthu wochokera ku Lilongwe pa mseu wa ku Mchinji, akapitirira Mpingu nafika pa Msundwe tsiku la msika, maso ache amakumana ndi zithunzi za mitundu iwiri. Pa makoma a magolosale ena, a nyumba za tiyi ndi a zometeramo pali zithunzi zolembedwa ndi penti: mutu wa munthu wometedwa bwino, kapu ya tiyi yofuka nthunzi, tambala, thumba la fetereza. Pa makoma ena apachikapo zinsalu za pulasitiki zimene anazikonza pa kompyuta ndi kuzisindikiza ndi makina. Zimenezi zimawala, malembo ache ngoongoka, ndipo nkhope ziri pamenepo zimakhala ngati zifuna kulankhula. Zinsaluzo zirikuchuluka, ndipo mmisiri wa burashi, amene kale ankayenda ndi tizitini tache ta penti kuchokera ku Namitete kufikira ku Nsaru, wayamba kusowa omuitana.

Chifukwa cha ichi pabuka mtsutso. Ena akuti chopangidwa pa kompyuta si luso konse, pakuti dzanja silinade ndi utoto ndipo thukuta silinagwe. Ena akuti luso la manja ndi tsobola wakale amene sawawanso. Mphunzitsi sangathe kuulambalala mtsutso umenewu, popeza mwana amene m'mawa aumba ng'ombe ya dongo pa bwalo la sukulu, madzulo agwira foni ya mkulu wache nayesa kujambulamo. Tsiku lina adzafunsa kuti mwa ziwirizo chenicheni nchiti, ndipo yankho la mphunzitsi lidzamlimbitsa mtima kapena lidzamgwetsa mphwayi.

Woweruza wanzeru amayamba wafunsa muyeso. Kwa Achewa akale mau akuti luso anakwanira mai woumba mbiya, bambo wosema mtondo, nkhalamba yoluka lichero ndi mnyamata woomba ng'oma. Mbiya ikachoka pa moto, amai ankaigogoda ndi chala namvera kulira kwache, nayang'ana ngati mlomo wache wazungulira bwino ndi ngati mizere ya m'khosi yakhala molingana. Panalibe wofunsa kuti mwini anaikulungiza ndi mwala wotani. Chimodzimodzinso mpini: wogula amauyesa m'dzanja, safunsa za kasemasema. Tsono m'kaweruzidwe kameneka muli mafunso atatu. Loyamba: kodi liripo diso limene linasankha ichi ndi kukana icho? Lachiwiri: kodi chinthucho chigwira nchito yanji pakati pa anthu ache? Lachitatu: kodi alipo mwini amene anyozedwa chikaipa, nalandira ulemu chikakoma? Za chida sizimveka m'mafunsowa.

Umboni wakale kopambana uli m'mapanga a Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zithunzi za pa miyala, amene bungwe la UNESCO linawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006. Kumeneko kuli manja a mitundu iwiri ya anthu. Zithunzi zofiira, zambiri za mizere ndi zozungulira, anazilemba ndi Akafula, alenje aja anakhala m'dzikomo kale. Zoyera anazipaka ndi Achewa ndi dothi loyera, kawirikawiri ndi chala chokha, zina za chinamwali ndi zina za nyau, kufikira m'zaka za m'ma 1900. Palibe chida chochepa kuposa chala. Komabe palibe munthu wanzeru amene anganene kuti zithunzi zoyerazo si luso chifukwa eni ache analibe burashi. Zinali ndi diso lozisankha, zinali ndi nchito yolangiza anamwali, ndipo zinali ndi anamkungwi ozidziwa tanthauzo.

Umboni wapafupi uli pa mabwalo a Gule Wamkulu, amene midzi ya ku Kabudula, ku Nambuma ndi ya pa Msundwe pomwe iwadziwa bwino. Za kudambwe sizikambidwa m'masamba ano. Zikwanira zimene aliyense aona pa bwalo. Gule sanakanepo chinthu chifukwa choti nchatsopano. Pamene kale panali nthenga, zikopa, masamba a nthochi ndi makoko a chimanga, panadzalowa masaka, zisanza za nsalu za m'sitolo ndi penti wogula. Azungu atafika, pa bwalo panatuluka Simoni wa nkhope yofiira ngati ya mlendo wopsya ndi dzuwa, panatuluka Maliya, ndipo pambuyo pache panatuluka ngakhale galimoto. Akuluakulu sanafunse ngati pentiyo ngwa makolo. Anafunsa ngati chirombocho chaphunzitsa, chaseketsa kapena chaopsya monga chiyenera. Nkoyeneranso kukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1920 amishoni ambiri analimbana ndi nyau, osaonamo luso liri lonse, koma m'chaka cha 2005 UNESCO inalengeza Gule Wamkulu wa ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kuti ndi chimodzi cha zaluso zazikulu za mtundu wa anthu. Chotero woweruza wofulumira kunena kuti ichi si luso achenjere, pakuti ena anatero kale nachita manyazi.

Gule yemweyo ayankhanso chinenezo china chimene otsutsa kompyuta amachikonda. Iwo amati chithunzi cha pa kompyuta chiribe thupi: sichigwirika, chingafalitsidwe kokwana chikwi, ndipo foni ikafa nacho chafa. Koma chirombo chachikulu monga Kasiyamaliro, mwambo wache ukatha, sichisungidwa ngati chuma cha m'bokosi. Chingondo chimene namwali avala pa mutu nchadothi, ndipo sichipangidwira zaka. Zokongoletsa zimene amai amapaka pa makoma ndi katondo, makande ndi phulusa m'chirimwe, mvula ikabwera imazikokolola, ndipo chaka chamawa amapakanso. Ngati kukhalitsa ndi kugwirika kukadakhala muyeso, zonsezi zikadagwa pamodzi ndi kompyuta. Mbali inanso nayi: ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a zaluso a Kungoni m'chaka cha 1976, nyumba ya Chamare inasonkhanitsa nkhope za gule zoposa 400. Nchito imeneyo njamtengo wapatali kwa wophunzira. Koma nkhope yopachikidwa, yopanda ng'oma, fumbi ndi nyimbo za amai, iri ndi theka lokha la moyo wache. Chopangidwa ndi manja nachonso chimachepa chikachoka pakati pa anthu ache.

Maiko akutali anaupsyapo kale mtsutso wotere. Pamene Louis Daguerre anaonetsa njira yache yojambulira ndi kamera ku Paris m'chaka cha 1839, ambiri anati makina sangabale luso, ndipo m'chaka cha 1859 mlakatuli Charles Baudelaire analemba motsutsa kuti kamera iwerengedwe pamodzi ndi burashi. Lero zithunzi za kamera ziri m'nyumba zazikulu zosungiramo zaluso. Chitsanzo chomveka cha masiku ano ndi David Hockney, Mngerezi wobadwa mu 1937, amene atakalamba ndi burashi anayamba kujambula pa iPad, kachipangizo ka galasi kamene munthu amalembapo ndi chala kapena ndi kandodo. Zenera lache la magalasi a mitundumitundu, loonetsa maluwa a kuthengo a kwao ku Yorkshire, limene analiika m'chalichi cha Westminster Abbey ku London m'chaka cha 2018, analiyamba pa kachipangizo komweko, amisiri a magalasi nalitsiriza ndi manja. Mzere uli wonse anausankha yekha, ndipo ukadakhota mlandu ukadakhala wache. Pa mafunso atatu aja zenera limeneli silipunthwa. Za Mike Winkelmann wa ku America, wodziwika ndi dzina lakuti Beeple, anthu amakumbukira madola 69 miliyoni amene zithunzi zache 5,000 zophatikizidwa zinagulidwa nawo ku Christie's mu 2021. Koma mtengo unena za msika, sunena za luso. Chimene mmisiri wa kumudzi angachilemekeze mwa iye ndi chakuti anapanga chithunzi chimodzi tsiku ndi tsiku kuyambira 2007, zaka zoposa 13, osaphonya.

Pali mtundu wina wa zithunzi umene suyenera kusakanizidwa ndi umenewu, ngakhale zonse zituluka m'kompyuta. Ndizo zithunzi za mapulogalamu a AI, kumene munthu salemba mzere konse, koma alemba mau okha, makina nabala chithunzi kuchokera pa zithunzi miyandamiyanda za anthu ena zimene anadyetsedwa. M'chaka cha 2022 Jason Allen anapambana mphotho yoyamba ya zithunzi za pa kompyuta pa chionetsero cha boma la Colorado ku America ndi chithunzi chopangidwa ndi Midjourney. Iye ananena kuti anasintha mau ache koposa ka 600 kufikira atakhutira. Komabe mu 2023 ofesi yoona za umwini wa zolemba ndi zojambula m'dzikomo inakana kumlemba ngati mwini, poona kuti mbali yaikulu ya chithunzicho sinachokere kwa munthu. Chiweruzo chimenechi sichiri kutali ndi cha kumudzi. Mfumu ingathe kuitanitsa mpando kwa mmisiri, niubweza kasanu kufikira utaikomera; mfumuyo iri ndi diso, ndipo diso si chinthu chachabe, koma palibe amene aitcha mfumuyo mmisiri.

Tsono nkoyenera kubwerera ku makoma a pa Msundwe ndi muyeso m'manja. Chirema cha zinsalu zambiri zosindikizidwa si kompyuta, koma ulesi wa wozikonza. Pa nyumba yometeramo pali nkhope za oimba a ku America zotengedwa pa intaneti. Pa nyumba yodyeramo pali mbale ya chakudya chimene mwini nyumba sanachiphikepo. Ndipo chinsalu cha pa Msundwe chifanana ndi cha ku Kasungu ndi cha ku Johannesburg, kusiyana dzina lokha. Nchikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Pamenepo palibe diso linasankha, palibe chimene chinsalucho chinena kwa anthu a pa msikawo koposa mtengo wa kumeta, ndipo palibe mwini wochidziwa ngati mwana wache. Mmisiri wa burashi, ngakhale tambala wache atalika miyendo, anajambula tambala amene anamuona, ndipo odutsa amadziwa dzanja lache monga adziwa mayendedwe a mnansi. Koma chilungamo chifuna kuti zinenedwe mbali zonse. Alipo a burashi amene amangobwereza mutu umodzimodzi pa khoma liri lonse, malembo napendekeka. Amenewonso alephera funso loyamba. Ndipo mnyamata amene atenga foni, najambula mai wosenza mtolo wa nzimbe pa msika womwewo, nakonza kuwala ndi mitundu kufikira kutopa kwa maiyo kuoneke, wachita luso, ngakhale m'zikhadabo mwache mulibe penti.

Chiripo chimodzi chimene oteteza luso la manja anena zoona, ndipo sichiyenera kupeputsidwa. Dongo, mtengo ndi nsungwi zimakana. Woumba akafulumira mbiya imang'aluka pa moto. Wosema akadula mopitirira sangabwezerepo. Anyamata ophunzira ukalipentala pa sukulu ya umisiri ya ku Namitete adziwa kuti thabwa lodulidwa molakwa silimeranso. Kukana kumeneku ndiko kumaphunzitsa kudekha, ndipo kuona maso a nkhono nkudekha. Kompyuta imakhululuka msanga: cholakwa chimafafanizika ndi kukhudza kumodzi, ndipo mwana amene sanalipirepo mtengo wa cholakwa sachedwa kukhala wosasamala. Kuonjezera apo, nzeru ya kudziwa dambo la dongo labwino, nyengo yodulira bango ndi mtengo wosafumbwa siikhala m'buku kapena m'foni. Ikhala m'manja a okalamba, ndipo ikapanda wolandira imapita nawo kumanda.

Chifukwa chache mphunzitsi asataye nthawi ndi kugawa zida kuti ichi nchoyera, icho nchodetsedwa. Ayambe ndi dongo, makala ndi mlaza, zimene sukulu ya kumudzi singazisowe ngakhale iribe magetsi, kuti dzanja la mwana liphunzire kukanidwa. Aitane woumba mbiya ndi wolemba zikwangwani wa pa msika, awapatse mpando wa ulemu pamaso pa ana, pakuti mwana salemekeza chimene aona mphunzitsi wache achinyoza. Ndipo foni kapena kompyuta ikapezeka, asaithamangitse, popeza mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Koma chithunzi chiri chonse chotulukamo achifunse mafunso omwe aja amai amafunsa mbiya. Mwana akabweretsa nkhope yotola pa intaneti, ambweze akajambule agogo ache. Akabweretsa chithunzi chimene makina ampangira, amfunse kuti mzere wache ndi uti. Akabweretsa ngolo ya ng'ombe ya kwao yotsika pa mseu wa ku Mpingu, imene anaiyang'anitsitsa yekha naikonza yekha, amuyamikire monga akadayamikira ng'ombe ya dongo youmbidwa bwino, ndipo aipachike pa khoma la kalasi pambali pa lichero.