Chidindo M'dzanja la Wosewera

Masewera ena a pa kompyuta amakhudza nkhani zazikulu za kayendetsedwe ka dziko. Mwa oterewa tiyeni tione amene amatchedwa Papers, Please. Anawapanga ndi Lucas Pope wa ku America, ndipo anatuluka m'chaka cha 2013. Dzinalo ndi mawu amene mlonda wa pamalire amanena poitanitsa zitupa.

Wosewera amakhala kalaliki wa pachipata cha dziko lopeka lotchedwa Arstotzka, m'chaka cha 1982. Ntchito yake ndiyo kuyang'ana zitupa za alendo ndi kudinda: chidindo chobiriwira chilola munthu kulowa, chofiira chimbweza. Malipiro ake amayendera kuchuluka kwa anthu amene wawaweruza molondola. Madzulo ayenera kulipira nyumba, chakudya ndi moto wofunditsa banja lake. Ndalama zikachepa, a m'nyumba mwake amadwala, ena mpaka kumwalira.

Tsono taonani pamene pagona nzeru. Tsiku lina mwamuna wa zitupa zokwanira alowa, napempha kuti mkazi wake, amene ali pambuyo, achitiridwe chifundo. Koma mkaziyo alibe chilolezo, ndipo akuti akabwerera kwawo akaphedwa. Kalaliki akamlola, boma limlembera cholakwa. Zolakwa zikaposa ziwiri pa tsiku, amdula malipiro. Msilikali winanso amlonjeza ndalama ngati achulukitsa anthu omangidwa. Kodi inu, owerenga, mukadatani?

Ubwino wa masewerawa ndi wakuti salalikira. Buku likhoza kutiuza kuti ulamuliro wankhanza ndi woipa, ife n'kuvomereza tili chikhalire. Koma apa chidindo chili m'dzanja lathu. Wosewera amadzazindikira kuti wabweza munthu wosauka chifukwa cha chilembo chimodzi cholakwika, mtima uli pa nsima ya mwana wake. Pamenepo aphunzira kuti nkhanza za boma zimayenda ndi manja a anthu wamba amene ali ndi mantha ndi njala.

Osewera sayenda njira imodzi. Ena amamvera malamulo onse, ena amathandiza gulu lachinsinsi loukira boma, ndipo ena amathawa m'dzikomo ndi abale awo. Chotero masewerawa ali ndi mathero 20.

Komabe chilema chilipo. Zonse timaziona ndi maso a kalaliki yekha. Mlendo amaima pawindo kanthawi kochepa, nachoka, ndipo ambiri sitimvanso za iwo. Munthu amene anaimapo pamzere wa pamalire, chitupa chili m'manja, adziwa kuti nkhawa yaikulu ili kunja kwa windolo. Ndiponso wosewera akalakwa akhoza kuyambiranso tsikulo, mwayi umene mlendo weniweni alibe.

Ngakhale zili chomwecho, masewerawa ndi oyenera ulemu. Amatikumbutsa kuti aliyense wogwira chidindo, ngakhale muofesi yaing'ono, wagwira moyo wa mnzake.