Nsapato Yoyalidwa Udzu M'kati

Pa 1 Januwale 1886, ku Karasjok kumpoto kwa Norway kunazizira mpaka madigiri 51.4 kunsi kwa ziro. Uku n'kwawo kwa anthu a mtundu wa Sami, amene amapezekanso ku Sweden, ku Finland ndi kudera la Kola ku Russia. M'chisanu choterechi abusa awo ankakhala panja ndi ziweto, kumapazi atavala chikopa ndi udzu basi. Sokosi ayi.

Chikopacho chimachokera ku reindeer, nyama yonga mphalapala imene iwo amaweta. Ubweya wake ndi wamphako, tsitsi lililonse lili ndi mpweya m'kati, n'chifukwa chake umasunga kutentha. Koma mmisiri satenga chikopa chapamsana. Amasankha cha m'miyendo, kuyambira m'maondo kutsika, chifukwa ubweya wa pamenepo ndi waufupi, wothithikana, ndipo suthothoka wamba. Si miyendo yomweyo imene nyamayo imayendera ndi kufukulira chipale chofewa pofuna chakudya? Nthawi zina amatenganso chikopa chapachipumi kuti chikhale chopondera.

Akasenda, amachitambasula kuti chiume chili chowongoka. Kenako amapala mbali yakunyama ndi kachitsulo, osafulumira, pakuti dzanja likalemera pang'ono chikopa chabooka. Amaphika makungwa a mtengo wa willow kapena birch, n'kumapaka madzi ofiirawo mbali yopalidwayo kuti chisaole. Ubweya saukhudza. Chotsala ndi kufikisa: kuchipinda, kuchikoka, kuchipotokola m'manja mpaka chilekeretu kulira ngati chouma.

Ulusi wosokera nawo ndi wa nyama yomweyo. Amaumitsa mitsempha, n'kuisinja kuti ilekane timaluzi tating'onoting'ono, ndipo amatipota ndi chikhatho patsaya kapena pantchafu, monga momwe timapotera chingwe cha khonje. Ubwino wa mtsempha ndi wakuti ukanyowa umafufuma n'kutseka kabowo kamene singano inasiya. Mmisiri amasoka nsapatoyo ili chotembenuza, ubweya m'kati, n'kumaukankha ndi chala kuti usapanike mumsoko. Akamaliza amaitembenuza, ubweya n'kukhala kunja.

Pamene ine ndimagoma napo ndi pachopondera. Nsapato imeneyi ilibe labala kapena misomali, pansi pake ndi ubweya wokhawokha, ndipo ubweya umaterera kumene wagonera. Ndiye amadula chopondera m'zigawo, n'kuzilumikiza mwakuti ubweya wakutsogolo ugonere kwina, wakuchidendene ugonere kwinanso. Phazi likafuna kuterereka chakutsogolo, chigawo chimodzi chimakana. Likafuna kubwerera m'mbuyo, chinzake chimakana. Palibe chimene wawonjezera. Wangoyang'anitsitsa momwe ubweya unamerera n'kutembenuza kachidutswa kamodzi.

Kumphuno nsapatoyo imapindikira m'mwamba. Alendo amayesa ndi zokongoletsa chabe, koma mlomo umenewo ndi umene unkakola lamba wa ski, thabwa lalitali lotsetserekera pa chipale chofewa, kuti phazi lisavuke. Kuti mphuno ipindike chonchi, chopondera chachikulu chimasokeredwa ku kachikopa kakang'ono kapamwamba ndi timakwinya tolingana bwino, ndipo anthu odziwa ntchitoyi amayamba kuyang'ana pamenepo.

Tsono udzu. Ndi udzu wa m'madambo, wa masamba aatali, umene amamweta chakumapeto kwa nyengo yotentha. Amaumanga m'mitolo, n'kuumenya kapena kuupesa ndi chipeso cha mano achitsulo mpaka ufewe, kenako amauyanika ndi kuupota m'nkhata zosungira. Kuuyala m'nsapato ndi luso palokha. Munthu amatapa wodzaza manja, amauwulutsa kuti usagwirane, n'kuulowetsa ndi chibakera mpaka ufike kumphuno ndi kuzungulira chidendene, pakati n'kusiya malo a phazi. Ukachepa uzizidwa, ukachuluka uthina zala magazi n'kusiya kuyenda bwino, ukachita mfundo utuluka matuza. Udzuwo umamwa thukuta koma suleka kutenthetsa, ndipo madzulo amangousolola n'kuuyanika pafupi ndi moto kuti m'mawa ubwererenso. Pomaliza amakulunga m'kakolo lamba woluka wamitundu yowala, kuti chipale chisalowe. Kalukidwe ka lambayo kamasiyana malinga ndi dera, moti wodziwa amatha kuona kumene munthu wachokera.

Anthu ofufuza maiko ozizira anazindikira msanga ubwino wa nsapatozi. Fridtjof Nansen podutsa Greenland mu 1888 anatenga amuna awiri achisami ochokera ku Karasjok, Samuel Balto ndi Ole Nielsen Ravna. Magulu a Roald Amundsen ndi Robert Scott, pa maulendo awo opita ku South Pole mu 1911, ananyamula nsapato za ubweya wa reindeer pamodzi ndi udzu wake. Lero ntchito zamanja zoterezi, zimene Asami amazitcha duodji, zili ndi chizindikiro chake chimene chinakhazikitsidwa mu 1982 pofuna kuzisiyanitsa ndi zongotengera zogulitsa kwa alendo.

Nsapatoyi ili ndi malire ake. Imafuna chisanu chouma, ndipo chipale chikayamba kusungunuka ubweya umanyowa n'kuyamba kuthothoka. Nyengo imeneyo ikafika amaipachika pamalo opita mphepo, n'kuvala ina ya chikopa chopanda ubweya, chopakidwa mafuta ndi phula la mitengo kuti madzi asalowe. Udzu wokha ndiwo amayalamo monga kale.