ULOSI SI MPHASA YOGONAPO

Tikamva kuti mbusa wadya ndalama za mpingo, kapena kuti mneneri wakuti ali kugulitsa mafuta ndi madzi kwa odwala, kawiri-kawiri Akristu amapukusa mitu nanena kuti, "Zinaloseredwa kale, ndiwo masiku otsiriza amenewa." Akatero mlandu watha, ndipo Sabata lotsatira mbale ya zopereka iyendanso monga mwa masiku onse. Kawerengedwe kotere ka mau a aneneri ndiko ndifuna kutsutsa, pakuti kasandutsa ulosi kukhala mphasa yogonapo.

Tiyeni tione Mika wa ku Moreseti, munthu wa kumudzi amene analalikira zaka ngati 700 Kristu asanabadwe. M'mutu wacitatu wa buku lace aneneza oweruza kuti alandira ziphuphu, ansembe kuti aphunzitsa pofuna malipiro, ndi aneneri kuti alosera cifukwa ca ndalama. Aonjeza kanthu kamene aliyense wa ife angakazindikire: mneneri wotere alosera zabwino kwa womdyetsa, koma kwa wobwera cimanjamanja amuopseza ndi tsoka. Cifukwa ca anthu amenewa, ati Mika, Yerusalemu adzapasuka.

Nanga omumva anapinda manja? Yankho liri m'buku la Yeremiya, mutu 26. Patapita zaka ngati 100, Yeremiya anaima m'bwalo la Kacisi nacenjeza za cionongeko comweco. Amene anaumirira kuti aphedwe anali ansembe ndi aneneri. Zindikirani bwino pamenepa. Koma akulu ena a m'dziko anaimirira nakumbutsa msonkhano za Mika, kuti mfumu Hezekiya sanamuphe, koma anaopa Mulungu napempha cifundo, ndipo tsoka lija linaleka kudza m'masiku ace. Akulu aja anadziwa cimene ife taiwala, kuti mneneri alankhula kuti anthu asinthe. Yeremiya anapulumuka cifukwa anthu osabvala mkanjo anakana mau a atsogoleri ao a cipembedzo.

M'nthawi yathu ino citsanzo ciri ku America. Jim Bakker, mlaliki wochuka wa pa wailesi ya kanema, anamanga malo a cisangalalo ochedwa Heritage USA, nalonjeza kuti wopereka madola 1,000 adzagona m'hotela yace masiku atatu caka ndi caka moyo wace wonse. Anagulitsa malonjezo ocuruka koposa zipinda zimene zinalipo. Amene anafukula nkhani zace ndi atolankhani a Charlotte Observer. Iye anatula pansi udindo m'caka ca 1987, ndipo m'caka ca 1989 bwalo la milandu linamgamula zaka 45 m'ndende. Pambuyo pace zakazo zinacepetsedwa, naturuka m'caka ca 1994. Comvetsa manyazi ncakuti nchito ya akulu a m'masiku a Yeremiya inayamba kugwiridwa ndi nyuzipepala, eni zopereka ali kuombera m'manja.

Wina adzati, kodi nkhosa ingafunse mbusa? Mutu ukakula sulewa nkhonya. Paulo yemwe, potenga thandizo la osauka kunka nalo ku Yerusalemu, anafuna kuti mbale wosankhidwa ndi mipingo ayende nalo pamodzi, kuti pasakhale womnenera. Ngati mtumwi analola mboni pa thumba, mbusa wa ku Matero kapena ku Katete akaniranji?

Ife a m'Zambia, amene dziko lathu linalengezedwa kuti ndi la Cikristu m'caka ca 1991, tikonda kuchula Ezekieli 34 ndi abusa ace odzidyetsa okha. Ndikadakonda tikadawerenganso 2 Mafumu 12, mutu wosachuka konse. Kufikira caka ca 23 ca ufumu wa Yoasi ansembe analandira ndalama, koma ming'alu ya Kacisi inali ciyasamire. Mfumu inawaitana niwafunsa cifukwa cace. Tsono wansembe Yehoyada anatenga bokosi, naboola cibvundikiro cace, naliika pambali pa guwa. Likadzala, analiwerenga anthu awiri, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe, ndipo ndalamazo zinaperekedwa kwa oyang'anira nchito, kuti alipire amisiri a mitengo ndi osema miyala.