Kaya Mawa: Chilumba cha Likoma m'Zolemba Zokopa Alendo

Ndege zopita ku Malawi zikamanyamuka pa bwalo la OR Tambo ku Kempton Park, zimasiya pansi mzinda wa Ekurhuleni, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito m'mafakitale, m'masitolo ndi m'nyumba za anthu ku Germiston, Boksburg ndi Benoni. Ena mwa okwera ndegezo ndi alendo amene akukapumula ku zilumba za m'nyanja ya Malawi atakopeka ndi zomwe anawerenga m'magazini ndi pa intaneti. Zolemba zimenezi kawirikawiri siziwerengedwa ngati luso loyenera kuzukutidwa, komabe zili ndi kalembedwe kakekake, atengambali ake ndi mfundo yake yaikulu. Ndizo zimene zimauza dziko lapansi chomwe Likoma ali.

Tsatanetsatane wa nkhani zotere sasintha kwenikweni. Mlendo amafika atatopa ndi phokoso la m'tauni. Amavula nsapato, naponda mchenga, nasambira pakati pa mbuna za mawangamawanga. Madzulo amayenda pansi pa malambe mpaka dzuwa litalowa. Pa mfundo imodzi alembi awa ayenera kuyamikiridwa: ali ndi diso. Amafotokoza maonekedwe a madzi, miyala ndi mbalame mwachidwi chimene alembi a Chichewa saonetsa kawirikawiri, mwina chifukwa chinthu chozolowereka sichidabwitsa.

Vuto lili pa atengambali. Woganiza, wodabwa ndi wosinthika ndi mlendo yekha. Mwini chilumba amamwetulira, amapalasa bwato, amanyamula chikwama, kenaka amazimiririka. Ngakhale nkhalango imene zolembazi zimakonda kutchula ikufunika kuiunika. Likoma ndi chilumba cha miyala, udzu, malambe ndi mango, chokhala ndi midzi, sukulu ndi minda ya chinangwa. Mitengo yowirira ili pa zilumba monga Mumbo, pafupi ndi Cape Maclear, m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park amene anakhazikitsidwa mu 1980, ndipo pa Mumbo palibe mudzi. Mlembi akafuna kuti Likoma akongole, amamuveka maonekedwe a Mumbo. Kwa iye chilumba chabwino ndi chopanda anthu.

Komatu Likoma ndi amodzi mwa malo amene kulemba kunazika mizu msanga m'dera lino. Amishoni a UMCA anakhazikika pamenepa m'zaka za m'ma 1880. Tchalitchi chachikulu cha St Peter chinayamba kumangidwa mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, ndipo Baibulo la m'Chinyanja cha kunyanja, lomwe William Percival Johnson anagwirapo ntchito yaikulu yomasulira, linatuluka mu 1912. Sukulu za pachilumbapa zinatulutsa aphunzitsi ndi akalaliki amene anamwazikana m'maiko a kumwera kwa Afrika. Zolemba zokopa alendo zimatchula kukula kwa tchalitchicho, koma za anthu amene anaphunzira mumthunzi wake zimangodutsapo.

Pomwe nkhani yagona penipeni ndi pa mawu awiri: kaya mawa. Awa ndi dzina la malo otchuka ogona alendo pa Likoma, ndipo m'zolemba zachingerezi amatanthauziridwa ngati moyo wosathamanga, moyo wa munthu amene wataya wotchi nasiya za mawa kuti zidzionere zokha. Tanthauzo limeneli si labodza, koma ndi lopepuka kwambiri. Pakamwa pa mwini chilankhulo, "kaya" ndi mawu a munthu amene alibe mphamvu pa zomwe zikudza. Amawanena msodzi mwera ukawinduka, amawanena wodwazika matenda, amawanena amene akudikira Ilala, sitima yomwe yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951. Mlendo amachedwetsa zinthu mwakufuna kwake. Wonena "kaya mawa" sanasankhe kudikirako.

Mawu omwewa amalemera koposa akamveka ku Ekurhuleni, dzina la Chitsonga lotanthauza malo a mtendere. Mu Meyi 2008, pamene anthu 62 anaphedwa m'dziko la South Africa pa ziwawa zodana ndi obwera, munthu wa ku Mozambique anatenthedwa wamoyo ku Ramaphosa, pafupi ndi Boksburg, ndipo Amalawi ochuluka anathawira kwawo. Mmalawi wa kumeneko akaona mawu awa pa chithunzi cha mchenga woyera, sangawawerenge monga amachitira mlendo wokhala naye mumzinda umodzi.

Kusiyana kumeneku kukuonekanso m'zolemba za Chichewa zenizenizo. Ulendo wa m'mabuku athu ndi wa ntchito. Mu Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la mu 1933, mpangankhani amachoka pamudzi kupita kumaiko a kumwera, osati kukaona malo. Zaka za WENELA, zomwe zinadukizidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi oposa 70 ochokera ku migodi, zinasiyira chilankhulo chithunzi cha mtchona ndi cha mkazi wodikira kalata. Ngakhale mawu akuti tchuthi ndi obwereka, anadza ndi amalonda achimwenye, ndipo kwa ambiri amatanthauza nthawi yopita kumudzi, komwe kukudikira maliro oti apepesedwe ndi denga loti lifoleredwe.

Nkhani imene ikusowa ndi ya mwana wa pa Likoma wogwira ntchito ku Germiston amene wabwera mu Disembala. Wayenda pa basi kudzera ku Beitbridge ndi Mwanza, wakwera Ilala pa Nkhata Bay, ndipo watsikira pa doko limodzi ndi alendo aja. Nayenso watopa, nayenso akufuna kuvula nsapato. Koma gombe limene mlendo akujambula ndi pomwe amayi ake amatsukira mbale ndi kuyanika usipa, ndipo asanafike n'komwe kumadziko, abale akhala kale pakhonde kufunsa za ku Joni ndi tsiku limene adzabwerere.